Mbiri ya Mayina Aulemu a Chingerezi m'Boma la Rufunsa ku Zambia

1. Mawu Oyamba

Funso la momwe munthu ayenera kutchulira mnzake m'Chingerezi limaoneka laling'ono, loyenera kusiyira mphunzitsi wa kupulayimale pamene akuphunzitsa ana kalembedwe ka kalata. Mabuku ophunzitsa Chingerezi amangondandalika malamulo: mwamuna ndi "Mr", mkazi wokwatiwa ndi "Mrs", phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi "Honourable", ndipo mfumu ndi "Chief". Mwana akaloweza mndandanda umenewu amayesedwa kuti wadziwa ulemu. Koma mawu amenewa sanagwe kuchokera kumwamba monga mvula. Lililonse linafika m'dziko la Zambia pa nthawi yake, linabwera ndi anthu ake, ndipo panali ena amene analoledwa kulivala pamene ena anamanidwa.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya mayina aulemuwa m'boma la Rufunsa, kuyambira nthawi imene Chingerezi chinali chisanafike kufikira lero. Mfundo yathu ndi imodzi: sitingathe kuweruza kuti dzina laulemu lagwiritsidwa ntchito molondola kapena ayi pongoyang'ana mwambo wa ku London, pakuti mayinawa atafika kuno analowa m'nyumba imene inali kale ndi malamulo ake a ulemu, ndipo eni nyumba anawapatsa ntchito zina.

2. Dera ndi Anthu Ake

Boma la Rufunsa lili m'chigawo cha Lusaka, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Great East umene umaoloka mtsinje wa Luangwa kupita ku Chipata ndi ku Malawi. Kale linali mbali ya boma la Chongwe, ndipo linapatulidwa kukhala boma palokha m'nthawi ya ulamuliro wa Pulezidenti Michael Sata, amene analamulira kuyambira 2011 mpaka 2014. Eni nthaka ndi Asoli, ndipo maufumu a m'bomali ndi atatu: Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda. Mfumu yaikulu ya Asoli ndi Nkomeshya, imene likulu lake lili m'boma la Chongwe.

Chisoli chili pa ubale ndi Chilenje, Chiila ndi Chitonga, m'gulu lija akatswiri amalitcha Bantu Botatwe. Komabe m'misika, m'mabasi ndi m'masukulu a m'mbali mwa msewu mumamveka kwambiri Chinyanja, chimene ndi chimodzi mwa ziyankhulo 7 zimene boma linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'zigawo. Chingerezi ndicho chiyankhulo cha maofesi ndi makalata. Motero munthu wa ku Rufunsa amatha kupereka ulemu m'ziyankhulo zitatu pa tsiku limodzi, ndipo ichi ndicho chimachititsa derali kukhala loyenera pa kafukufuku wotere.

3. Ulemu Chingerezi Chisanafike

Akatswiri awiri, Roger Brown ndi Albert Gilman, anaonetsa m'chaka cha 1960 kuti katchulidwe ka anthu kamayenda pa mizere iwiri: mzere wa mphamvu ndi mzere wa chinansi. Pamene anthu ali ofanana amatchulana mofanana, koma pamene wina ali pamwamba amalandira mawu aulemu osabweza. Ganizo limeneli litithandiza m'nkhani yonseyi, ngakhale kuti ziyankhulo zathu zimasunga ulemu pa malo osiyana ndi a Chingerezi.

M'Chingerezi cha masiku ano mlowam'malo "you" ndi mmodzi kwa mwana ndi kwa mfumu yomwe, choncho katundu yense wa ulemu amasenzedwa ndi dzina loikidwa patsogolo. M'Chinyanja ulemu uli m'mafupa a chiganizo. Taonani zitsanzo izi:

(1) Iwe, bwera kuno.
(2) Inu, bwerani kuno.
(3) Phiri wafika.
(4) A Phiri afika.

Pa (2) ndi (4) munthu mmodzi akutchulidwa ngati anthu ambiri, ndipo kuchulukitsa kumeneku kumafalikira ku mneni ndi ku mawu ena onse ogwirizana ndi dzinalo. Chisoli, monga Chibemba ndi Chilenje, chimachita chimodzimodzi ndi mphatikiram'mbuyo "ba-", ndipo ndiye chifukwa chake m'Chinyanja cha ku Lusaka timamva "ba Tembo" pamene wa ku Chipata kapena ku Lilongwe akadati "a Tembo".

Njira yachiwiri ndiyo kupewa dzina lenileni la munthu wamkulu. Mayi akabereka amatchedwa ndi dzina la mwana wake, bambo chimodzimodzi. Pakati pa Achewa munthu amalemekezedwa ndi mfunda wake, monga a Banda kapena Nabanda. Mkamwini satchula dzina la apongozi ake. Ulemu wotere umabisa dzina, pamene ulemu wa Chingerezi umalikongoletsa ndi kuliika poyera.

Njira yachitatu, imene ili yofunika kwambiri pa nkhani ya mafumu, ndiyo kulowa dzina. Munthu akalongedwa ufumu dzina lake lobadwa nalo limagona, ndipo iye amasanduka mwini dzina la mpandowo pamodzi ndi ubale wonse wa amene anakhalapo kale. Ian Cunnison anafotokoza bwino mwambo umenewu m'zaka za m'ma 1950 pa kafukufuku wake wa ku Luapula, ndipo umapezeka m'mitundu yambiri yotsata kuchikazi. Tanthauzo lake ndi lakuti mawu akuti Mpanshya, Shikabeta kapena Bunda Bunda ali kale mayina aulemu. Safuna chowonjezera kuti alemere. Ulemu wotsala umaperekedwa ndi thupi: kugwada, kuomba m'manja, kukhala pansi, ndi kuyankhula kudzera mwa nduna.

Tisaganize kuti mayina achilendo anayamba ndi Angerezi. Kum'mwera chakum'mawa kwa Rufunsa, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, kunali misika ya Apwitikizi ya Zumbo ndi Feira, ndipo Achikunda anayenda m'zigwa zimenezi pa malonda a minyanga ndi akapolo. Mawu akuti "dona" ndi "kapitawo" anachokera ku Chipwitikizi, pamene "bwana" anachokera ku Chiswahili. Chingerezi chinapeza mawuwa atakhazikika, ndipo chinawalemba ntchito.

4. Makwerero a Atsamunda

Kampani ya British South Africa inalamulira dzikoli kufikira 1924, pamene boma la Britain linatenga ulamuliro. Mu 1929 munakhazikitsidwa malamulo awiri, la Native Authorities ndi la Native Courts, amene anapatsa mafumu ovomerezedwa ndi boma mphamvu yoweruza milandu ina ndi kusungitsa bata. Malamulowa anakonzedwanso mu 1936, ndipo mafumu analoledwa kukhala ndi thumba la ndalama za dera lawo. Apa ndi pamene mawu akuti "Chief" anasanduka udindo wa boma, wolembedwa m'kaundula, wokhala ndi malipiro, woti Bwanamkubwa akhoza kuupereka kapena kuulanda.

Boma lofuna kulamulira ndi anthu ochepa limakonda makwerero, pakuti makwerero amasonyeza amene ayenera kulandira kalata ndi amene ayenera kuyankha mlandu. Motero mafumu anaikidwa m'magulu: "Paramount Chief" pamwamba, kenaka "Senior Chief", "Chief", ndi "Headman" wa pamudzi. Maufumu amene ubale wao unali wa ukulu ndi ung'ono wa pabanja anaikidwa pa mndandanda wonga wa asilikali. Ena anakwezedwa chifukwa anali pafupi ndi boma, ena anafafanizidwa m'kaundula nasanduka manyakwawa. Ndi m'zaka za m'ma 1930 momwemo pamene Undi anavomerezedwa kukhala "Paramount Chief" wa Achewa a ku Northern Rhodesia.

Chofunika kuona ndi mawu amene anakanizidwa. Lewanika wa Alozi, amene anakaonerera kulongedwa ufumu kwa Edward VII ku London mu 1902, ankatchedwa "King" m'makalata oyambirira, koma patapita nthawi boma linakhazikika pa "Paramount Chief". Mu ufumu wa Britain "King" anayenera kukhala mmodzi. Ngati mfumu ya Alozi inatsitsidwa chotero, mafumu a Asoli sakadayembekezera zoposa "Chief".

Kwa munthu wamba makwererowa anali owawa koposa. Mzungu aliyense anali "bwana", mkazi wake "dona", posayang'ana msinkhu kapena nzeru. Mkulu wa boma anali "Bwana DC". Koma mwamuna wachikuda, ngakhale wa imvi ndi zidzukulu, pantchito ankaitanidwa kuti "boy", kapena ndi dzina lake loyamba, kapenanso ndi dzina lopeka limene bwana wake anatha kulitchula. Uwu ndi mzere uja wa mphamvu wa Brown ndi Gilman: ulemu unkakwera osatsika. Tikakumbukira zimene tanena m'gawo lachitatu, kuti munthu wamkulu satchulidwa dzina lake lenileni, tiona kuti chipongwecho chinali chapawiri. Munthuyo anamanidwa ulemu wa Chingerezi, nalandidwanso ulemu wa kwao. Mzinda wa Lusaka utasanduka likulu la dziko mu 1935, pa nthaka imene Asoli amaitcha yao, anthu a m'midzi ya kum'mawa kwake amene anapita kukafuna ntchito za m'nyumba, za m'mapulazi ndi za zomangamanga anakumana ndi katchulidwe kameneka maso ndi maso.

Mamishoni anabweretsa makwerero ena. Ajezuiti anatsegula mishoni ya Kasisi pafupi ndi Lusaka mu 1905 motsogozedwa ndi Jules Torrend, katswiri wa ziyankhulo za Bantu, ndipo ena anakhazikika ku Katondwe m'chigwa cha Luangwa atachotsedwa ku Mozambique ufumu wa Portugal utagwa mu 1910. Chipatala cha St Luke's ku Mpanshya ndi chipatso cha ntchito ya mpingo wa Katolika m'derali. Mayina a mpingo sanavute kulandira chifukwa anali mawu a chibale. "Father" anasanduka "Bambo" kapena "Abambo", "Sister" anasanduka "Asisitere". Anthu amene anazolowera kutcha aliyense wamkulu kuti atate kapena amayi sanaone chachilendo. Apa tikuphunzira kuti dzina lachilendo limamera msanga pamene lapeza nthaka yofanana ndi ya kwao.

5. Kulimbirana "Mr" ndi "Honourable"

Aphunzitsi, makalaliki ndi alaliki amene anaphunzira m'sukulu za mishoni ndiwo anayamba kuona kuti timawu tiwiri ta "Mr" tinali chipata. M'mabungwe awo a Welfare, kuyambira la ku Mwenzo m'zaka za m'ma 1920 kufikira chitaganya cha mabungwewa cha mu 1946, chimene chinabala Congress mu 1948, misonkhano inkayenda ndi "Mr Chairman" ndi "Mr Secretary", ndipo mamembala ankalembana mayina ndi ulemu wonse umene maofesi a boma ankawamana. Ena aona khalidwe limeneli ngati kutsanzira Azungu chabe. Ife tikuliona mwina. Munthu amene masana anali "boy" ndipo madzulo anali "Mr Chairman" anali kunena kuti makwerero a atsamunda ndi opangidwa ndi anthu, ndipo anthu akhoza kuwakwera. Nkhondo yomweyo inaonekera pa kunyanyala mabutchala a ku Lusaka mu 1954, kumene anthu akuda ankagulitsidwa nyama pa kawindo ka kumbali m'malo molowa pakhomo.

Dzina la "Honourable" lili ndi mbiri yofanana. M'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain mawuwa amagwiritsidwa ntchito m'kati mwa zokambirana, phungu potchula mnzake, koma phungu wamba saika mawuwa patsogolo pa dzina lake akatuluka kunja. M'maiko a atsamunda zinali zosiyana: mamembala a Legislative Council ankalembedwa "The Honourable" patsogolo pa mayina awo. Kwa zaka zambiri zofuna za anthu akuda zinkayankhulidwa m'nyumbayo ndi Azungu, monga Sir Stewart Gore-Browne. Mu 1948 anthu akuda awiri oyamba, Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango, analowa m'nyumbayo, ndipo mu 1951 anatsatidwa ndi Dauti Yamba ndi Paskale Sokota. Kuyambira pamenepo "Honourable" linakhala dzina loti mwana wa m'mudzi akhoza kulivala. Chizolowezi cha ku Zambia ndi ku Malawi choika "Hon." patsogolo pa dzina la phungu sichinachokere m'kusadziwa Chingerezi, koma m'mwambo wa nyumba za malamulo za atsamunda.

Dzina la "Sir" linayenda njira ziwiri. Monga ulemu woperekedwa ndi mfumu ya Britain limatsagana ndi dzina loyamba: Bwanamkubwa wotsiriza wa Northern Rhodesia anali Sir Evelyn Hone, ndipo pomutchula mwachidule ankati "Sir Evelyn", osati "Sir Hone". Litunga Mwanawina III analandira ulemu womwewu mu 1959. Kwa khutu la Mnyanja lamulo limeneli ndi lododometsa, pakuti limafuna kuti munthu wolemekezeka atchulidwe ndi dzina lija limene mwambo wathu umabisa. Njira yachiwiri inadzera m'kalasi, mmene ana anaphunzitsidwa kuyankha kuti "Yes, Sir" ndi "Yes, Madam". Iyi ndiyo inafika m'midzi, ndipo lero mphunzitsi wa ku Chinyunyu kapena ku Mpanshya ndi "a Sir" kapena "a Madamu" ngakhale pa maliro ndi pa msika.

6. Dziko Litalandira Ufulu

Pa 24 Okutobala 1964 Zambia inalandira ufulu, ndipo boma latsopano linayamba kusintha mayina a maudindo. "District Commissioner", dzina limene linkanunkha msonkho ndi chitupa, linachotsedwa, ndipo m'malo mwake munabwera "District Secretary". Mu 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda anakhazikitsa udindo wa "District Governor", munthu wa chipani woyang'anira boma lililonse. M'nthawi ya chipani chimodzi, imene inayamba kumapeto kwa 1972 ndi kutha mu 1991, mawu akuti "Comrade" anamveka kwambiri m'chipani cha UNIP. Cholinga chake chinali kufafaniza makwerero ndi kuika onse pa mzere wa chinansi. Koma pakamwa pa anthu "Comrade" sanayende yekha: ankati "Comrade Governor" kapena "Comrade Chairman", ndipo makwerero anabwerera kudzera pakhomo la kuseri. Ku Malawi zinthu zinalowera kwina, pakuti kumeneko mayina a mtsogoleri anaunjikana, la Chingerezi ndi la Chichewa pamodzi, kufikira "His Excellency the Life President Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda" kuyambira 1971.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwerera mu 1991 ma "Governor" anatha. Chakumapeto kwa ulamuliro wa Frederick Chiluba kunakhazikitsidwa udindo wa "District Administrator", ndipo m'nthawi ya Levy Mwanawasa udindowo unatchedwanso "District Commissioner". Choncho pamene Rufunsa inakhala boma palokha, mkulu woimira boma kumeneko anafika ndi dzina lomwe lija limene agogo a anthu a kumeneko ankaliopa. Dzinalo ndi lakale, koma wolivala ndi mwana wa dziko, ndipo amene akumutchula ali ndi voti m'manja.

Mbiri ya mafumu ndi yodabwitsa koposa. Boma la UNIP linawachotsera mphamvu zambiri: ma Native Authority anathetsedwa mu 1965 ndipo ntchito zao zinapita ku makhonsolo, makhoti awo nasanduka ma Local Court mu 1966. Lamulo la Chiefs Act la 1965 linasunga makwerero a atsamunda ndi kupatsa Pulezidenti mphamvu yovomereza mfumu kapena kuichotsera chivomerezo. Komabe ndi m'zaka za ufulu zomwezi pamene mayina a Chingerezi a mafumu anakula. Masiku ano m'manyuzipepala, pa wailesi ndi m'makalata a boma mfumu ya ku Zambia imatchedwa "His Royal Highness" kapena "Her Royal Highness", ndipo mafumu anayi aakulu, Litunga, Chitimukulu, Mpezeni ndi Kalonga Gawa Undi, kawirikawiri amatchedwa "His Majesty".

Tikatsata mwambo wa ku Britain, katchulidwe kameneka ndi kosokonezeka. Kumeneko "Royal Highness" ndi dzina la ana a mfumu ndi achibale ake apafupi, monga anakhazikitsira George V mu 1917, ndiye kuti anthu a banja lachifumu amene sali pampando. Mfumu ya Mpanshya ili pampando wake. Koma Azambia sanabwereke dzinali kuti afotokoze ubale wa m'nyumba ya Windsor. Analitenga kuti abweze chimene mawu akuti "Chief" anachotsa, ndiko kunena kuti ufumuwu ndi wa magazi ndi wa makolo, si ukapitawo wa boma. Malamulo a dziko anatsatira maganizo omwewa pambuyo pake: ndime 165 ya malamulo aakulu monga anakonzedwera mu 2016 imaletsa Nyumba ya Malamulo kupatsa munthu aliyense mphamvu yovomereza kapena kuchotsa mfumu, ndipo mu 2019 khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti ndime za Chiefs Act zimene zinapatsa Pulezidenti mphamvuyo n'zosemphana ndi malamulo aakuluwo.

7. Amayi ndi Mayina a Chingerezi

Pa amayi mayina a Chingerezi anasintha zinthu mozama kuposa pa abambo. "Mr" sanena ngati mwamuna ali pabanja, koma "Miss" ndi "Mrs" amagawa akazi potengera ukwati, ndipo "Mrs" amatsagana ndi dzina la mwamuna. Pakati pa anthu otsata kuchikazi, monga Asoli, Ansenga ndi Achewa, mkazi ndiye tsinde la mbumba, ndipo ana ndi a mtundu wake. Nabanda akakwatiwa ndi a Phiri amakhalabe Nabanda mpaka kumanda. Kaundula wa mpingo, wa sukulu ndi wa chipatala ndiye anamusandutsa "Mrs Phiri". Amayi ambiri analandira dzinali ndi manja awiri chifukwa linkasonyeza ukwati wa mu mpingo ndi moyo wa anthu ophunzira, koma mtengo wake unali kubisika kwa mtundu wa mkaziyo m'makalata. Dzina la "Ms", limene linafala ku America m'zaka za m'ma 1970 pofuna kuthetsa kugawa kumeneku, linabwera kudzakonza vuto limene Chinyanja chinalibe, pakuti "Mayi" ndi ulemu wa mkazi aliyense wamkulu, wokwatiwa ndi wosakwatiwa yemwe.

Chimodzimodzi mawu akuti "Chieftainess". M'Chinyanja "mfumu" ndi mfumu, ndipo timawonjezera "yaikazi" pokhapokha pakafunika kutero. Chingerezi chimaika chizindikiro pa mkazi ngati kuti iye ndi wapadera pa mpando wa amuna. Koma kwa Asoli mayi pampando si chachilendo. Nkomeshya Mukamambo II analowa ufumu mu 1971, ndipo mpando wa Shikabeta m'boma la Rufunsa lomwelo wakhalapo ndi mayi. Dzina lonse la Chingerezi, "Her Royal Highness Senior Chieftainess Nkomeshya Mukamambo II", lili ngati mtanda wa dothi wodulidwa ndi khasu, woonetsa miyalo ya mbiri: "Senior" ndi "Chief" za atsamunda, "Royal Highness" ya nthawi ya ufulu, nambala yowerengera mafumu monga amachitira ku Ulaya, ndipo pakati pa zonsezi dzina la makolo limene ndilo mwini ulemu.

8. Nanga Cholondola Ndi Chiti?

Funsoli si la m'kalasi mokha. Lamulo la malo la 1995 limafuna chilolezo cha mfumu munthu asanasandutse malo a makolo kukhala a lizi, ndipo malo a m'mbali mwa msewu wa Great East akufunidwa ndi anthu ambiri a ku Lusaka. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo magulu a amayi, achinyamata ndi makomiti a sukulu amalemba makalata opempha thandizo. Ngakhale chiphaso cha unzika chimafunsa mudzi ndi "Chief" wa munthu. Kalata yolakwika pa mzere woyamba ikhoza kuwerengedwa ndi mtima wina, ndipo amene amalephera kawirikawiri ndi wosauka amene sukulu anailekera panjira.

Kuchokera m'mbiri imene talondolayi tikuona mfundo zitatu. Yoyamba ndi yakuti pa maudindo a dziko, mwini mulingo ndi Zambia. Wolembera mfumu ya Bunda Bunda alembe "His Royal Highness" monga dziko lazolowera, ndipo poyankhula nayo m'Chingerezi anene "Your Royal Highness", pakuti "His" ndi "Her" ndi za munthu amene tikumunena, "Your" ndi ya amene tikuyankhula naye. Atchule dzina la mpando, osati dzina lobadwa nalo. Phungu ndi nduna ya boma ndi "Honourable", Pulezidenti ndi "His Excellency", woweruza wa khoti lalikulu ndi "My Lord" kapena "My Lady". Kumuuza munthu wa ku Rufunsa kuti mfumu yake si "Royal Highness" chifukwa buku la ku London latero ndiko kubwereza chiweruzo chimene chinatsitsa Lewanika.

Yachiwiri ndi yakuti malamulo ena a Chingerezi akadali ndi ntchito chifukwa makalata athu amapitanso kunja. "Mr" ndi "Mrs" amatsagana ndi dzina la banja, osati loyamba lokha. "Dr" ndi "Mr" saunjikidwa pamodzi. "Sir" wa mfumu ya Britain amafuna dzina loyamba. Mwana wa sukulu ayenera kuzidziwa izi, koma aziphunzire monga mwambo wa eni chiyankhulo, wokhala ndi mbiri yake, osati monga muyeso wa nzeru.

Yachitatu, imene kwa ife ndi yaikulu, ikuoneka m'zitsanzo izi:

(5) A Honourable afika.
(6) Ba DC abwera mailo.
(7) DC wabwera.

Pa (5) ndi (6) dzina la Chingerezi lavekedwa "a-" kapena "ba-", ndipo mneni wagwirizana nalo mochulukitsa. Pa (7) udindo watchulidwa molondola, koma aliyense womva Chinyanja adziwa kuti woyankhulayo ndi wamwano kapena ali ndi mangawa ndi munthuyo. Dzina la Chingerezi palokha silikwanira kunyamula ulemu. Limangotchula mpando, ndipo ulemu weniweni umatsalira m'malamulo a chiyankhulo cha makolo. N'chifukwa chake mlendo wofika kunyumba ya mfumu ndi "Your Royal Highness" wosalala, koma ali chiimire ndi chipewa kumutu, amaonedwa wopanda mwambo kuposa mlimi amene sadziwa liwu limodzi la Chingerezi koma wagwada ndi kuomba m'manja.

9. Mawu Omaliza

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mayina aulemu a Chingerezi anafika ku Rufunsa ngati kalumo kogawira anthu: bwana ndi "boy", "King" ndi "Chief", "Mrs" ndi "Miss". M'zaka zosakwana 100 eni dziko analanda kalumoko nakagwiritsa ntchito zao. Anatenga "Mr" amene anamanidwa, anatsegula "Honourable" kwa mwana wa m'mudzi, anaveka mafumu awo "Royal Highness", ndipo dzina lililonse analiika pansi pa "a-" ndi "ba-".

Kwa aphunzitsi a ziyankhulo phunziro lake ndi lakuti ulemu wa Chingerezi ndi ulemu wa Chinyanja kapena Chisoli aziphunzitsidwa pamodzi, mwana aone pamene zikumana ndi pamene zisiyana. Kwa ofufuza, ntchito yotsatira ndiyo kusonkhanitsa mawu a Chisoli otamanda ndi kulonjera mafumu monga amamvekera pa miyambo ya Chibwela Kumushi ndi Chakwela Makumbi, ndi kuwaika pambali pa mayina a Chingerezi amene amawerengedwa pa miyambo yomweyo alendo a boma akaimirira kuyankhula. Pamenepo tidzatha kuona bwino kuti ndi mawu ati amene anthu amawaombera m'manja.